Kupeza mzere wonse wa nambala yaikulu mu SQL

Tinene kuti ndili ndi tebulo la malipiro lokhala ndi id, kasitomala, ndalama ndi tsiku. Ndikufuna malipiro aakulu kuposa onse, pamodzi ndi amene analipira komanso tsiku lake.

SELECT MAX(ndalama) FROM malipiro imandipatsa nambala yokha, osati mwini wake. Ndikaikapo kasitomala pambali pa MAX popanda GROUP BY, PostgreSQL, yomwe ndi pulogalamu yosungira deta ngati MySQL, imakana. MySQL yakale, 5.7.5 isanatuluke, inkangolola, koma dzina lomwe inkabweza limatha kukhala la mzere wina uliwonse. Apa mpomwe pamandidetsa nkhawa, chifukwa yankho lotere limaoneka ngati lolondola.

Ndiye ine ndimasanja mizere n'kutenga wapamwamba:

SELECT * FROM malipiro ORDER BY ndalama DESC NULLS LAST LIMIT 1;

NULLS LAST yo musaiiwale. Posanja motsika, PostgreSQL imaika NULL patsogolo, moti mzere wopanda ndalama n'komwe ndi umene umatuluka. Pa MySQL mawuwa muwachotse. Kumeneko NULL imapita yokha pansi.

Kenako ndimadzifunsa: nanga anthu awiri akalipira ndalama zofanana? LIMIT 1 imatola mmodzi mosasankha, ndipo mawa ikhoza kutola winayo. Ndikafuna mmodzi wokhazikika ndimawonjezera id DESC pa ORDER BY. Ndikafuna onse ndimalemba WHERE ndalama = (SELECT MAX(ndalama) FROM malipiro), kapena FETCH FIRST 1 ROW WITH TIES m'malo mwa LIMIT 1 kuyambira PostgreSQL 13.

Ntchito imakula ndikafuna malipiro aakulu a kasitomala aliyense:

SELECT * FROM (SELECT m.*, ROW_NUMBER() OVER (PARTITION BY kasitomala ORDER BY ndalama DESC, id DESC) AS malo FROM malipiro m WHERE ndalama IS NOT NULL) t WHERE malo = 1;

SELECT yamkatiyo n'njofunika chifukwa WHERE imagwira ntchito ROW_NUMBER, yomwe imapatsa mzere uliwonse nambala ya malo ake, isanawerengedwe, choncho simungasefe malo pa mlingo womwewo. Kuti ofanana onse atuluke, ndimasintha ROW_NUMBER kukhala RANK n'kuchotsa id. MySQL inayamba kumva ROW_NUMBER ndi RANK pa 8.0.

Zotsatira zikandikayikitsa, ndimayang'ana mmene ndalama inasungidwira, kaya ngati nambala kapena ngati mawu. Ikasungidwa ngati mawu, '900' imaposa '15000' chifukwa kompyuta imayerekezera chilembo choyamba, 9 ndi 1. Ndimaisintha kukhala NUMERIC. Tebulo likakula, ndimapanga index, mndandanda wothandiza kupeza mizere msanga, pa (kasitomala, ndalama DESC), kenako ndimayendetsa lamulo la EXPLAIN kuti ndione ngati index yo ikugwiritsidwadi ntchito.