Mapu a agogo

Agogo atamwalira, abale anakanganirana njinga ndi wailesi. Ine ndinatola mapu. Iwo ankagwira ntchito ya zankhalango ku Likhubula nthawi ya atsamunda, ndipo pepalalo ndi lakale moti dzina la phiri la Mulanje analemba "Mlanje". Ndinalipinda bwinobwino n'kulumbira kuti tsiku lina ndidzakwera nalo.

Tsikulo litafika, mnyamata wotiperekeza anatifunsa ngati tikufuna kupita ku Chambe, pamwamba pa phirili, kudzera njira ya Skyline kapena ya Chapaluka. Ndinaseka. Ndinatambasula mapu pamwala n'kumuonetsa mzere umene agogo anajambula ndi pensulo, wowongoka ngati ndodo, kuchokera kumunsi mpaka pamwamba. "Achimwene, nkhalango iyi inakhazikitsidwa mu 1927, inu musanabadwe. Njira yachidule ndi iyi." Ndinayeza ndi chala: kutalika kwake sikunapose chala changa chamkombaphala.

Timizere tambirimbiri tothithikana ta pamapupo ndinkati ndi minda ya tiyi. Kumene ndi momwe olemba mapu amasonyezera kutsetsereka: tikathinana kwambiri, ndiye kuti pamenepo ndi phompho. Izi ndinaziphunzira ndi maondo, ndikukwawa pa thanthwe, thalauza litang'ambika kumbuyo kuchokera pa lamba mpaka kumene sindingatchule. Kenaka chiperoni chinatsika. Dzanja langa lomwe silinkaoneka, ndiye kuli bwanji Sapitwa, nsonga yaitali koposa ya phirili ya mamita 3,002, amene ndinalonjeza akazi anga kuti ndimujambula.

Pobwerera ndinapeza mbale ya nsima ndi usipa ili pamwala, popanda munthu. Aliyense wa ku Mulanje amadziwa lamulo lake: mizimu ya m'phiri ikakupatsa chakudya, umadya wekha, suitana mnzako. Ndinadya mwaulemu, ndinapukuta ndi msuzi womwe, n'kuwomba m'manja kuthokoza makolo.

Mnyamata uja anatulukira kuseri kwa chitsamba, thukuta lili kamukamu chifukwa chondifunafuna. Anatenga mapu, kuyang'anitsitsa mzere wa agogo uja.

"Bwana, iyi si njira. Pankadutsa chingwe cha m'malere chotsitsira matabwa kuchokera ku Chambe."

Ndinangoti kukamwa yasa. Iye anayang'ana pamwala, kenaka pakamwa panga pamene panali ponyezimira mafuta.

"Nanga nsima yanga mwaiona?"