Mmene ndinabwerera pa makina osokera ndikumwa mankhwala a bipolar

Ndine telala, ndipo ndili ndi matenda amene madokotala amawatcha bipolar. Nthawi zina mphamvu zimandisefukira, tulo timathawa, ndimalankhula osapumira, ndalama ndimamwaza. Nthawi zina mtima umalemera moti kungodzuka pa mphasa imakhala ntchito. Abale ena ankati ndalodzedwa, koma achemwali anga ananditengera ku chipatala cha boma cha kwathu, kwa namwino woona za matenda a maganizo. Poyambira ndi pamenepo. Zikavuta amatumiza ku Zomba Mental Hospital, ndipo a St John of God amathandizanso ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Asanandilembere mankhwala anandifunsa ngati ndikufuna kudzaberekanso. Funsoli lili ndi chifukwa chake. Mankhwala a bipolar otchedwa sodium valproate amathandiza ambiri, koma amatha kuvulaza kwambiri mwana m'mimba, n'chifukwa chake ine anandipatsa carbamazepine. Nayenso ali ndi zake: amafooketsa mapiritsi olera ndi zoika pamkono, choncho ndinasinthira ku jakisoni wa Depo, ndipo za mimba tinagwirizana kuti tidzayambe takambirana. Amene akumwa ma ARV anene msanga, chifukwa carbamazepine amachepetsa mphamvu ya ma ARV otchedwa dolutegravir ndipo mlingo wa ma ARV amenewa umayenera kusinthidwa.

Masabata oyamba anali owawa. Chizungulire, kuodzera masana, ulusi osalowa pa singano. Anamwino anandiuza kuti, "Mayi, izi zimachepa thupi likazolowera, koma mukaona totupa pakhungu kapena zilonda m'kamwa, musadikire tsiku lanu, bwerani pompo." Ndinayamba ndi kusoka zigamba ndi kupinda zitenje basi. Mayunifomu a sukulu ndinayamba kulandira manja atakhazikika.

Chimene ndimachisamala kwambiri ndi tulo. Kwa ine matendawa asanabuke amayamba aba tulo kaye, ndipo choopsa n'chakuti nthawi imeneyo ndimamva bwino zedi, mutu uli wodzaza ndi mapulani. Ndiye ndinadziikira lamulo: ikakwana 8 koloko madzulo ndimavundikira makina ndi chitenje, ngakhale mu Disembala pamene madiresi a ukwati achita kuunjikana. Makasitomala ena anandichoka chifukwa cha zimenezi, ndipo ndinavomera. Kumaliro ndimapita, ndimaphika nawo, koma kuchezera usiku wonse pa siwa ndinapempha kuti andikhululukire.

Ndinauzanso achemwali zizindikiro zanga ndili bwinobwino, kuti asadzachite kudikira chilolezo changa. Akaona ndikusesa pabwalo pakati pa usiku, kapena ndikufuna kutenga ngongole yaikulu ku banki mkhonde popanda chifukwa, amangoti, "Tiyeni tikaonane ndi anamwino," ndipo buku la kuchipatala amadziwa pamene limakhala.

Mapiritsi ndimawasunga pambali pa mswachi kuti ndisaiwale, ndipo ndimakatenga ena akale asanathe. Ku chipatala cha boma ndi aulere, koma nthawi zina umapeza atha, ndiye ndimapatula kandalama kogulira ku famase. Kuwasiya mwadzidzidzi kumadzutsa matenda.

Anthu ondifunira zabwino amandifunsabe kuti, "Mwachira kale, mukumweranji?" Ndimawayankha kuti kuchira kumene akukuonako kukuchokera m'mapiritsi omwewo, ndipo kuchepetsa kapena kusintha ndimakambirana ndi dokotala yekha.