Malonda a m'mbali aja ndinasiya kuwadina

Abale anga, timalonda totulukira m'mbali ukamawerenga nkhani pa intaneti tija ine sinditikhudzanso. "Mwawina iPhone!" Ndawina bwanji mpikisano woti sindinalowe nawo?

Mwezi watha azakhali anga anadina kena kolonjeza ngongole yamsangamsanga. Atalemba nambala yawo ya foni, munthu wina anawaimbira kuti ayambe atumiza K15,000 ya fomu. Anatumizadi. Mpaka lero nambala ya munthuyo siikupezeka. Inali ndalama yosungira feteleza, ndipo mtima ukundiwawabe. Chonde, auzeni makolo kumudzi kuti ngongole yoyamba ndi kulipira aikane, ndipo PIN ya Mpamba kapena Airtel Money asampatse munthu aliyense.

Nthawi zambiri mwini tsamba sasankha yekha malondawo. Amachita kutumizidwa ndi makampani otsatsa malonda, iye n'kumalandira kangachepe anthu akawaona kapena kuwadina. Ndiye wakuba ndi wamalonda wachilungamo amaonekera pamalo amodzimodzi, ungawasiyanitse bwanji?

Chinanso chondinyansa, ukafufuza nsapato lero, mawa nsapato zomwezo zikukulondola paliponse chifukwa cha ma cookies, timafayilo timene masamba a pa intaneti amasiya m'foni mwako kuti azikuzindikira. Nawo mavidiyo ongodziyambira okha aja akutha bandulo yanga ndisanawerenge n'komwe nkhani imene ndinaitsegulira.