Tizidutswa ta zitenje

Lachiwiri lililonse ndimalawirira kuchoka ku Area 25, kukwera minibasi mpaka ku depoti, kenako wapansi kupita kwa matelala osokera m'makonde ku Area 2. Anandizolowera. "Aphunzitsi, jumbo yanu ija ili apo," amatero, n'kundipatsa tizidutswa ta zitenje totsala podula madiresi.

Timeneti ndi timene ndimaphunzitsira amayi a ku Kawale kusoka zofunda zolumikizalumikiza. Tisanagwire sizasi timayamba tachapa nsalu zonse, chifukwa chitenje chatsopano chimasuluka, ndipo chofiira chikhoza kuwononga ntchito ya mwezi wathunthu. Zikauma timasita, n'kudula timagawo tofanana. Pakati timaikapo bulangeti lakale la pa kaunjika ku msika wa Tsoka, kuti chofundacho chizitenthera m'mwezi wa Juni.

Sabata yatha agogo ena, amene ulusi ndimachita kuwalowetsera m'singano chifukwa cha maso, anamaliza chofunda chawo choyamba. Pakona anasokerapo kachidutswa ka chitenje chimene ankaberekera mwana wawo wachisamba. Anachiyala pamkeka, n'kumachisisita ndi chikhatho osayankhula, ife tonse tili chete. Tsiku limenelo ndinafika kunyumba kutada, ulusi uli mbwee pasiketi.