Kuphunzitsa maso ndi manja pa chithandizo chadzidzidzi cha ana

Ophunzira ambiri a unamwino ndi a ukilinikolo amene amabwera kudzaphunzira chithandizo chadzidzidzi amayembekeza kuti tiyambira pa mayina a mankhwala ndi matenda ovuta kuwazindikira. Ine ndimayambira pa mzere wa amayi amene akhala pabenchi ndi ana kumbuyo, chifukwa ana ambiri amene amamwalira m'zipatala zathu amamwalira tsiku loyamba lomwe afika, ndipo ena mwa iwo amatsirizika asanaonedwe n'komwe, akudikira kuti nthawi yawo ikwane.

Njira imene timagwiritsa ntchito posanja ana odwala malinga ndi kukula kwa vuto lawo imatchedwa ETAT, ndipo mizu yake ili konkuno ku Malawi. Inakula kuchokera ku ntchito ya Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene ambiri amangochitchula kuti Gulupu, ndipo bungwe la WHO linasindikiza mabuku ake ophunzitsira mu 2005. Mfundo yake ndi yakuti mwana aliyense aonedwe akangofika, m'masekondi osaposa 20, ndipo aikidwe m'gulu loyenera: wofunika thandizo pompopompo, wofunika kupita patsogolo pa mzere, kapena wotha kudikira. Wophunzira amayamba kuona ngati njira ya mpweya ili yotsekuka ndiponso ngati mwanayo akubanika, kenaka amagwira dzanja kuti amve ngati lazizira, amafinya chikhadabo n'kuwerenga ngati magazi akuchedwa kubwerera kupitirira masekondi 3, n'kuonanso ngati mwanayo wakomoka, akuphupha kapena watha madzi m'thupi. Zonsezi sizifuna makina. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti mlonda wa pachipata, wolemba mayina ndi wokolopa aphunzitsidwe zizindikiro zikuluzikulu, pakuti iwowa ndi amene amayamba kumuona mwana dokotala asanatuluke m'chipinda.

Matenda amene timakumana nawo si achilendo: malungo aakulu, chibayo, kutsegula m'mimba, kuchepa magazi, kunyentchera, kupsa ndi moto kapena phala, ndi kuvulala pangozi za kabaza. Pa mwana wokomoka ndi malungo timagwiritsa ntchito muyeso wa Blantyre Coma Score, umene unafalitsidwa mu 1989, ndipo umapereka mapointi kuyambira 0 mpaka 5 poona mmene mwanayo akuyendetsera maso, mmene akulirira ndi mmene akuchitira akamva kuwawa. Jekeseni wa malungo wa artesunate aliyense amamukumbukira, koma chimene ophunzira amaiwala kawirikawiri ndi shuga. Mwana wodwala kwambiri amene sanadye kuyambira dzulo shuga wake amatsika msanga, ndipo ubongo sudikira zotsatira za ku labu. Ngati kachipangizo koyezera kalibe timapepala take, zimene zimachitika ndithu, mwana wokomoka timamuyesa kuti shuga wake watsika ndipo timamupatsa mamililita 5 a dextrose (madzi a shuga odzera mumtsempha) wa 10% pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake. Ngati mtsempha sukupezeka, shuga wonyowetsedwa woikidwa pansi pa lilime amathandiza pamene tikufunafuna njira ina.

Phunziro limene ndimathera nthawi yaitali ndi la diripi. Kwa zaka zambiri tinkaphunzitsidwa kuti mwana amene magazi sakuyenda bwino athiridwe madzi mofulumira, ndipo palibe amene ankakayika. Kafukufuku wa FEAST, amene anachitika ku Uganda, Kenya ndi Tanzania pa ana oposa 3,000 otentha thupi kwambiri ndipo anafalitsidwa mu 2011, anapeza kuti ana amene anathiridwa madzi mofulumira anamwalira ambiri kuposa amene sanathiridwe motero. Choncho wophunzira ayenera kusiyanitsa mwana amene wataya madzi chifukwa chotsegula m'mimba, amene madziwo amamupulumutsa, ndi mwana wa malungo amene magazi achepa, amene akufunika magazi, komanso mwana wonyentchera, amene mtima wake wofooka sungapirire madzi ambiri. M'kuona kwanga, kusiyanitsa kumeneku n'kovuta kuposa kubaya mtsempha, chifukwa achibale akaona diripi ikudontha mitima imakhala pansi, ndipo wachipatala wachinyamata amakopeka kuchita chimene chikuoneka ngati thandizo.

Luso la manja silikhazikika pomvera chabe. Kupumitsa khanda ndi chikwama chopopera mpweya, kuika singano m'fupa la mwendo pamene mitsempha yabisala, kupereka diazepam (mankhwala oletsa kuphupha) kudzera kotulukira chimbudzi kwa mwana wophupha, kulumikiza makina a okosijeni kapena a Pumani othandiza mwana kupuma, zonsezi timazibwereza pa chidole mpaka manja azichita okha. Poyesa mayeso sindifunsa wophunzira kuti afotokoze. Ndimamupatsa chidole, ndimamuuza kulemera kwa mwana ndi zimene mayi wanena, ndipo ndimayamba kuwerenga nthawi. Vuto lalikulu limabwera maphunziro akatha, chifukwa ogwira ntchito amasamutsidwa m'mawodi kawirikawiri ndipo luso losagwiritsidwa ntchito limazilala m'miyezi yochepa. Pachifukwa ichi ndimapempha akuluakulu a mawodi kuti sabata iliyonse apatule mphindi zochepa m'mawa zoyeserera ndi chidole, ndipo asankhe munthu mmodzi woona tsiku ndi tsiku kuti m'bokosi la zadzidzidzi muli dextrose, diazepam, masingano ndi mamasiki a misinkhu yonse.