Zikomo a ku Bangwe, a ku Magomero ndi nonse amene mwaigwira ntchitoyi zaka zoposa 50

Mu 2024 lamulo latsopano loona za anthu aulumali linayamba kugwira ntchito m'dziko muno, ndipo bungwe la boma lothandiza anthu aulumali limene tinalizolowera pa dzina la MACOHA tsopano likutchedwa MACODA. Dzina lakalelo lakhala pakamwa pa Amalawi zaka zoposa 50, kuyambira mu 1971 pamene lamulo la Handicapped Persons Act linabala bungweli. Ife amene timaidziwa ntchito yowomba ndi kunyika nsalu sitikufuna kuti nyengo iyi ingodutsa tisanathokoze. Ndipo tikufuna kuthokoza motchula ntchito yeniyeniyo, chifukwa anthu ambiri amene anagulapo kapeti kapena chikwama cha ku Bangwe sadziwa thukuta limene lili m'kati mwake.

Pamene bungweli linkayamba, munthu wolumala ankaonedwa ngati woyenera kungosungidwa pakhomo. Poliyo anali atasiya ana ambiri osatha kuyenda, chikuku chinali chitachititsa ena khungu, ndipo maso a ambiri ankaona chifundo chokha ngati yankho. Amene anatsegula fakitale ya bungweli yowomba nsalu ku Bangwe mu mzinda wa Blantyre anasankha njira ina: munthu aphunzire luso, apange chinthu choti chigulidwe pa msika, alandire malipiro pakutha pa mwezi. Maganizo omwewo ndi amene ali pa sukulu ya bungweli ya ntchito za manja ya ku Magomero m'boma la Chiradzulu ndi inzake ya ku Lilongwe, kumene achinyamata aulumali akhala akuphunzira ntchito monga utelala ndi ukalipentala. Kwa amene munayala maziko amenewa, amoyo ndi amene munatsogola, zikomo kwambiri.

Amisiri owomba, tiyambe ndi inu, ndipo tichedwepo pang'ono.

Wogula amaona kapeti yomalizidwa, koma ntchito yaikulu imachitika ulusi woyamba wopingasa usanalowe n'komwe. Titenge chitsanzo cha munthu amene waitanitsa timakapeti 10, kalikonse kotalika masentimita 90 ndi kotambalala masentimita 60. Mmisiri sangatchere ulusi wa masentimita 60 ndendende, chifukwa nsalu imafinyika m'mbali pamene ikuwombedwa, kenako imafupikanso ikachapidwa. Amatchera pafupifupi masentimita 66. Ngati akuika zingwe 4 pa sentimita iliyonse, ndiye kuti akufunika zingwe 264 za m'litali. Utali wake nawonso si mamita 9 okha ayi. Pamafunika kuwonjezera mphonje za mbali zonse ziwiri za kakapeti kalikonse, kuwonjezera gawo limodzi mwa magawo 10 la kufupika, ndi ulusi wotsala kumayambiriro ndi kumapeto umene chowombera sichingaufikire. Zonse pamodzi zimafika pafupifupi mamita 13 pa chingwe chilichonse. Chulukitsani ndi 264 muone: ulusi woposa makilomita atatu uyenera kuyezedwa, kupindidwa pa mtanda (mtengo wopindirapo ulusi pa chowombera) ndi kukhala wokungika mofanana. Akalakwitsa masamu amenewa, kakapeti ka nambala 10 kamathera panjira, ndipo kulumikiza ulusi pakati kumasiya mfundo zimene wogula wa maso akuthwa amazikana.

Poyeza ulusiwo, mmisiri amaupingasitsa pamalo amodzi kuti chingwe chilichonse chidziwike malo ake. Mphambano imeneyi imamangidwa ndi kachingwe ulusi usanachotsedwe pa choyezera. Ikamasuka, zingwe 264 zija zimasanduka mtolo wopiringizana, ndipo ntchito ya tsiku lonse yapita. Kenako chingwe chilichonse chimalowetsedwa pa diso la kawaya kake kochitukula, n'kudutsanso pa mpata wake wa chipeso, chida chomenyera ulusi wopingasa. Apa ndi pamene pamafunika mtima wofatsa. Chingwe chimodzi chikalowa pa diso lolakwika, mzere woipa umayenda kuchokera pa kakapeti koyamba mpaka kotsiriza. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa amayamba wawomba kachigawo kakang'ono ndi ulusi wotsalira, n'kuyendetsa zala pamwamba pake asanayambe ntchito yeniyeni.

Ambiri amadabwa akamva kuti munthu wosaona amawomba nsalu ya mitundumitundu yosalakwika. Kwa amene amaidziwa ntchitoyi palibe chodabwitsa. Kukungika kwa ulusi sikuoneka bwino ndi maso, kumamveka ndi chikhatho: ukayendetsa dzanja pa zingwe zonse, cholefuka chimadziulula chokha. Mitundu ya ulusi imaikidwa pa malo ake osasinthasintha, wofiira apa, wakuda apo, ndipo mizere imawerengedwa pamtima. Muyeso umatengedwa ndi chingwe chokhala ndi mfundo. Chimene chimasokoneza mmisiri wotere si maso ake, koma mnzake amene wasuntha ulusi kapena sizasi osamuuza, kapena wasiya bokosi panjira.

Zolakwika za pa chowombera n'zodziwika, ndipo chilichonse chili ndi chifukwa chake. Kapeti ikamachepa m'mbali ngati chiuno cha mtondo, ndiye kuti wowomba akukoka kwambiri ulusi wopingasa. Ulusiwo uyenera kugonekedwa mopendeketsa kapena mokhotetsa pang'ono chipeso chisanaumenye, kuti ukhale ndi utali wokwanira kukwera ndi kutsika pa zingwe. Akapitiriza kukoka, zingwe za kumphepete zimakhulana ndi chipeso mpaka kuduka. Mzere ukamakhota m'malo moyenda molunjika, zingwe zina zalefuka, kawirikawiri chifukwa popinda pa mtanda sanaike mapepala olimba kapena timitengo pakati pa mipukutu, ndiye zingwe zapamwamba zalowerera mwa zapansi. Kapeti ikakhala yothina kwina, yotayana kwina, dzanja lomenya chipeso silinali lofanana: m'mawa munthu amamenya ndi mphamvu, madzulo mkono watopa. Kufananitsa dzanja kuyambira m'mawa mpaka madzulo kumatenga zaka kuti munthu akuzolowere. Inu amene mwakhala pa benchi limenelo mpaka msana kuwawa, n'kuphunzitsanso achinyamata obwera pambuyo panu, landirani kuthokoza kwathu.

Onyika nsalu, nanunso zikomo. Ntchito yanu ndi ya madzi, utoto ndi nthawi. Bafuta watsopano amabwera ndi sitachi ya kufakitale, ndipo akapanda kuchapidwa kaye utoto umagwira mwamawangamawanga. Pa utoto umene umanyikidwa ndi mchere ndi soda, kilogalamu imodzi ya nsalu imafuna madzi pafupifupi malita 20 kuti nsaluyo izitha kutembenuzika. Mchere umakankhira utoto mu ulusi wa thonje, soda ndiye amaumangirira. Soda akalowa msanga, utoto umagwira pomwe wafikira usanafalikire, choncho amathiridwa nsalu itakhala kale mu utotomo kwa kanthawi, kenako n'kudikira pafupifupi ola limodzi uku mukutakasa. Utoto umene walowa soda sugonekedwa kuti ugwire ntchito mawa, mphamvu yake imakhala itatha. Ndipo nsalu imene imasuluka kwa wogula, n'kudetsa zovala zina mu beseni, nthawi zambiri vuto silikhala utoto koma kutsukuluza: iyenera kuyamba ndi madzi ozizira, kenako otentha a sopo, mpaka madzi atuluke oyera. Pa nsalu imene imamangidwa isananyikidwe kuti ituluke maluwa, zomangira nazo zikhale zothina ndithu, apo ayi utoto umalowa pansi pake ndipo maluwa amene mumafuna satuluka.

Palinso gulu lina limene silitchulidwa kawirikawiri: akalipentala, owotcherera zitsulo ndi akapitawo amene amakonza malo kuti agwirizane ndi thupi la wantchito. Munthu amene miyendo yake ilibe mphamvu sangaponde zopondera za chowombera chachikulu, koma chowombera cha pa tebulo chotukula zingwe ndi manja amachigwiritsa bwino lomwe. Makina osokera opalasa ndi mapazi amaikidwa chogwirira cha dzanja kapena kamota. Njira ya njinga ya olumala isakhale yotsetsereka kwambiri: pa sentimita iliyonse yokwera pafunika masentimita 12 a utali, kutanthauza kuti khonde lokwera masentimita 30 limafuna njira ya mamita 3.6. Taonapo nyumba zambiri zimene njira yake ndi yaifupi moti munthu sangakwere popanda womukankha, ndipo imeneyo si njira ayi. Khomo likhale lotambalala pafupifupi masentimita 90, la kuchimbudzi lomwe, pakuti munthu sangagwire ntchito tsiku lonse pamalo pamene sangathe kudzithandiza. Wantchito wosamva alankhulidwe momuyang'ana kumaso, pamalo owala, ndipo kapitawo aphunzire chinenero cha manja. Wachialubino apatsidwe malo a mthunzi ndi malemba akuluakulu. Wodwala khunyu asasiyidwe yekha pafupi ndi moto kapena mphika wa madzi otentha. Zambiri mwa izi sizidya ndalama zochuluka, zimangofuna munthu amene wafunsa mwini wakeyo chimene chikumuvuta.

Zaka zimenezi sizinali zosalala. Kaunjika ndi katundu wotchipa wochokera kunja zatsitsa mitengo pa msika, pamene chinthu chowombedwa ndi manja sichingafulumizitsidwe. Thonje timalima tokha ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima, koma utoto, singano ndi zipangizo za makina zimagulidwa kunja, ndiye pamene kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wopangira chinthu chilichonse unakwera. Mu 2020 matenda a Covid-19 anaimitsa alendo ochokera kunja, amene ndi ena mwa ogula zinthu za manja. Mu January 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunavutitsa aliyense wodalira makina osokera ndi simbi ya magetsi. Amene munapitiriza kubwera ku ntchito m'nyengo zimenezi, kukwera minibasi ndi ndodo kapena njinga imene kondakitala amaiwerengera ngati katundu wolipira, mwationetsa kulimba mtima kumene sitingakubweze.

Tikuthokozanso amene anamenyera malamulo. FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali umene unakhazikitsidwa mu 1999, pamodzi ndi Malawi Union of the Blind (bungwe la osaona), MANAD (la osamva), APAM (la achialubino) ndi ena, analankhula osatopa. Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, lamulo la Disability Act linabwera mu 2012, ndipo la 2024 lalowa m'malo mwa malamulo akale awiriwo, la 1971 ndi la 2012. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 10 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi ali ndi ulumali. Fakitale imodzi singalembe anthu onsewo, n'chifukwa chake ntchito yofikira anthu m'midzi mwawo momwemo, imene mabungwe akunja monga CBM ndi Norwegian Association of Disabled anaithandiza, ndi yofunika kwambiri. Alangizi a m'maboma ndi anthu ongodzipereka amene mumayenda khomo ndi khomo, kufunafuna mwana wobisidwa m'nyumba kuti apite kusukulu, zikomo. Makolo amene munalola mwana wanu kuchoka pakhomo kukaphunzira ntchito kutali, mitima ili m'mwamba, zikomo.

Ogula, inu ndi amene mumasandutsa luso kukhala malipiro. Amene munaponya kangachepe pa sabata ya mbendera ya MACOHA tikukuthokozani, koma amene munagula katundu, n'kubweranso kudzagula wina, mwachita zoposa. Tikupempha masukulu, mipingo, mahotela ndi maofesi kuti poitanitsa yunifolomu, makatani, zikwama za pamsonkhano kapena nsalu za patebulo muzikumbukira amisiriwa. Itanitsani nthawi ilipo, chifukwa kutchera ulusi kokha kumadya masiku. Nenani muyeso ndi mtundu momveka, perekani gawo la ndalama poyamba kuti ulusi ndi utoto zigulidwe, ndipo lipirani zotsala pa tsiku limene munagwirizana, pakuti malipiro a anthu amadikira ndalama imeneyo. Mukapeza cholakwika pa katundu, bwezani ndipo nenani chimene chalakwika monga mungachitire ndi mmisiri wina aliyense.

Kapeti ya thonje mukafika nayo kunyumba, muziikung'untha kawirikawiri, muziichapa ndi madzi ozizira payokha, osaifinya mopotokola, ndipo muziiyanika pamthunzi itagonekedwa kuti isatamuke mbali imodzi. Mphonje ikamasuka, imangeni mfundo tsiku lomwelo ulusi wopingasa usanayambe kusololoka.