Kupereka nyemba ku boma: mmene ndimayendera tenda mpaka ndalama kulowa

Nyemba zimene ana a m'masukulu ogonera komweko amadya, chimanga cha phala la odwala m'chipatala, nkhuni za kukhitchini, zonsezi boma limagula kwa anthu ngati inu ndi ine. Ine ndili ndi kashopu ka mbewu pa Dedza boma, ndipo gawo lina la malonda anga ndi kupereka nyemba ku malo oterewa. Amayi anzanga mumsika amakonda kunena kuti tenda, mpikisano wa ogulitsa pofuna kupereka katundu ku boma, ndi ya anthu okhala ndi m'bale mu ofesi. Sindingakane kuti zachinyengo ziliko, nkhani zake tonse timazimva pa wailesi. Koma ambiri amene ndawaona akugwa sanagwetsedwe ndi munthu. Ena anagwa ndi pepala lotha ntchito, ena anapambana ntchito imene thumba lawo silikanatha kuisenza.

Mapepala ndimakonzeratu kusanatuluke chilichonse, chifukwa mukayamba kuthamangira ku Lilongwe tsiku limene mwaona chidziwitso, nthawi ikutherani m'minibasi. Bizinesi ikhale yolembetsedwa ku boma, ndi satifiketi yake. Masiku ano kulembetsako kumatheka pa intaneti. Kenako TPIN, nambala ya wolipira msonkho ya ku MRA, ndi tax clearance yosonyeza kuti za msonkho muli bwino. Pamwamba pake pamafunika satifiketi ya PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu m'boma, limene linabwera ndi lamulo la 2017 kulowa m'malo mwa ofesi yakale ya ODPP. Ku PPDA mumalembetsa malinga ndi mtundu wa katundu amene mumagulitsa ndiponso kukula kwa ntchito imene mungakwanitse, ndiye wolembetsa kuti amagulitsa mapepala ndi zolembera asayembekezere kupatsidwa nyemba. Akaunti ya ku banki ikhale m'dzina la bizinesi, osati la bambo a kunyumba. Tax clearance ndi satifiketi ya PPDA zimatha ntchito, ndipo masiku ake ine ndimawalemba pa kalendala ya m'shopu ndi inki yofiira. Palinso lamulo la 2020 lopereka mwayi kwa mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati, kuphatikizapo a amayi, achinyamata ndi anthu aulumali. Mwayiwo subwera chifukwa choti akuonani mwavala chitenje, umafuna satifiketi ya MSME, yosonyeza kuti bizinesi yanu ndi yaing'ono kapena yapakati, ikhale mu envelopu.

Zidziwitso zimatuluka mu The Nation ndi The Daily Times, pa webusaiti ya PPDA, ndi pa mabolodi a maofesi. Ntchito zing'onozing'ono zambiri sizifika mu nyuzipepala, zimangomatidwa pa bolodi kapena kutumizidwa kwa ogulitsa odziwika ngati RFQ, kutanthauza kuti ofesi ikufuna makoteshoni kuchokera kwa anthu osachepera atatu. Ndiye ndikamapita ku banki ndimadzerako ku mabolodi. Zithunzi zoyenda pa WhatsApp ndimaziona, koma sindiyamba kulemba kanthu ndisanagwire pepala lenileni lochokera ku ofesi yogula zinthu ya malowo.

Ndikalitenga pepalalo ndimakhala nalo pansi madzulo, shopu itatsekedwa, ndi pensulo. Apa m'pamene pagona ntchito yonse. Sindithamangira pa mtengo ayi. Ndimayamba ndaona chimene akufuna: matumba angati a makilogalamu 50, nyemba za mtundu umodzi kapena zosakaniza, za chaka chino kapena zilizonse. Akalemba kuti za mtundu umodzi, ndiye kuti Kholophethe yekhayekha kapena Napilira yekhayekha, ndipo kupeza matumba ambiri a mtundu umodzi pa Lizulu kapena pa Tsangano si nkhani ya tsiku limodzi. Ndimaonanso ngati ntchitoyo aigawa m'magawo otchedwa maloti. Nthawi zina nyemba zili mu loti yake, mafuta ophikira ndi shuga mu ina, ndipo mumaloledwa kusankha imodzi. Nthawi zina amamanga zonse pamodzi, ndiye ngati mafuta simungawapeze pa mtengo wa holoselo, ingoisiyani.

Kenako malo okatula. Dedza ndi wamkulu. Kutula katundu m'mbali mwa M1, ku Linthipe kapena ku Chimbiya, n'kosiyana ndi kutsika naye Khwekhwerere kupita ku Golomoti ndi Mtakataka, n'kosiyananso ndi kulowa naye msewu wafumbi m'dzinja, pamene mwini lole amayamba wafunsa ngati mvula inagwa dzulo asanatchule mtengo. Amafuna katundu yense kamodzi kapena mwezi ndi mwezi? Funso limeneli limasintha chilichonse, pakuti kutula kamodzi kumafuna ndalama zambiri tsiku limodzi, pamene kutula pang'onopang'ono kumafuna mosungira mouma ndi mankhwala a anankafumbwe.

Mzere umene ndimauwerenga kawiri ndi wonena kuti mtengo wanga ukhale osasintha kwa masiku angati. Kawirikawiri amalemba masiku 60 kapena 90. Aliyense wogulitsa mbewu akudziwa kuti nyemba zimatsika mtengo nthawi yokolola n'kumakwera chaka chikamapita kumapeto. Mukalemba mtengo wa mu Meyi, LPO, chikalata cha ofesi choitanitsira katundu, n'kutuluka mu Ogasiti, mudzagula pa mtengo wa Ogasiti koma kulipidwa wa Meyi. Onjezerani za kwacha. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo amene anali atasainira kale mitengo nthawi imeneyo anaona mafuta a galimoto ndi matumba akukwera pamene pepala lawo lili chiimire. Boma siliwonjezera ndalama chifukwa choti mwadandaula, pokhapokha mgwirizano utanena kuti mtengo ungasinthe, ndipo pa ntchito zing'onozing'ono ngati zathuzi zimenezo siziwoneka kawirikawiri.

Ndikamawerengera mtengo ndimaika zonse: kugula, matumba atsopano, ulusi wosokera, aganyu okweza ndi kutsitsa, amayi osankha nyemba, makilogalamu amene amatayika posankhapo, lole, mankhwala, mafotokope, ngakhale maulendo okalondola malipiro. Ndimakumbukiranso kuti polipira adzadula withholding tax, msonkho umene amachotseratu pa malipiro, pokhapokha mutakhala ndi satifiketi ya MRA yokuchotserani. VAT amaika okhawo amene analembetsa VAT, ena tonse tisaiwonjezere. Chomaliza ndi funso limene palibe fomu imene imafunsa: ndalama zimenezi zikachedwa miyezi ingapo, shopu ikhalabe yotsegula? Pepala likhoza kunena kuti adzalipira pasanathe masiku 30, koma ofesi imalipira ikalandira ndalama kuchokera ku likulu, ndipo chaka cha boma cha zachuma tsopano chimatha pa 31 Malichi, kotero ntchito yotuluka cha kumapeto kwake ndimaiyang'ana ndi maso awiri. Ngati yankho n'lakuti ndikatenge katapila kuti ndigule nyembazo, sindilemba. Chiwongoladzanja chimakula mwezi ndi mwezi pamene invoyisi ili pomwepo. Ngakhale za banki mkhonde zili ndi tsiku lake lobweza, ndipo amayi a m'gulu safuna kumva za IFMIS, makina a kompyuta amene boma limalipirira. Zidziwitso zambiri zimene ndimawerenga zimathera pomwepa, ndimapinda pepala n'kuliika m'kabati, ndipo sindiona ngati ndaluza kanthu.

Ikakhala yoti ndingaithe, koma pali mawu osamveka, ndimafunsa molemba kalata nthawi yofunsira isanathe. Pa tenda yaikulu yankho limapita kwa onse amene anatenga mapepala, ndipo n'chimene chimateteza inu. Zouzidwa pakamwa m'khonde sizidzakuimirani pa tsiku lounika.

Kudzaza mafomu n'kosavuta, kumangofuna kudekha. Gwiritsani ntchito mafomu awo omwewo, osasintha mawu. Mtengo wa thumba limodzi ndi wa matumba onse zigwirizane, chifukwa zikasiyana amatsata wa thumba limodzi n'kukonza winawo, ndipo mukhoza kupezeka mwalonjeza zimene simumafuna. Sainani paliponse pofunika, dindani chidindo. Ngati afuna bid securing declaration, lonjezo lakuti simudzathawa mukapatsidwa ntchito, lisasowe. Akafuna umboni wa ntchito zam'mbuyo, ikanimo makope a LPO akale. Akafuna sampulo, ikhale ya nyemba zomwe mudzaperekedi, osati zosankhidwa imodziimodzi pa lichero. Envelopu imatidwe bwino, kunja kulembedwe nambala ya tenda monga analembera iwo. Ine ndimakaponya m'bokosi dzulo lake, kapena m'mawa ndithu. Akati 10 koloko ndi 10 koloko, ndipo yochedwa imabwezedwa osatsegulidwa, kaya munachedwa ndi chifunga cha pa Dedza.

Potsegula ndimapita. Bokosi amalitsegula pamaso pa onse, ndipo wapampando amawerenga dzina la bizinesi ndi mtengo wake, wina akulemba. M'chipindamo mumakhala zii, aliyense ndi kakope kake pa bondo. Tsiku lina atawerenga mtengo wotsika kwambiri, bambo wina amene anakhala pafupi nane anandinong'oneza kuti, "Mayi, basi tiyeni tizipita, yapita imeneyi." Ndinati, "Dikirani bambo, mapepala sanawaone." Amene amaunika amayamba ndi mapepala: tax clearance ili moyo, PPDA ilipo, mafomu asainidwa? Wolephera apa mtengo wake sauyang'ananso. Kenako amaona ngati katunduyo akugwirizana ndi zimene anapempha. Mitengo amaifananiza pakati pa otsalawo, ndipo komiti yoona zogula ya pamalopo, yotchedwa IPDC, ndi imene imavomereza. Ndiye wotchipitsa pa tsiku lotsegula si amene amapambana nthawi zonse. Mitengo ya anzanga ndimailemba yonse, imandithandiza kudziwa mmene msika ukuyendera ndikadzalembanso.

Mukapanda kupambana muli ndi ufulu wofunsa chifukwa chake molemba, ndipo ngati mukuona kuti sizinayende bwino, dandaulo limayambira kwa mkulu wa ofesiyo, likakanika limapita ku PPDA. Nthawi yodandaulira ndi yochepa, musagone nalo.

M'masiku odikirawa mafoni amalira. Wina amadzitchula kuti ndi wa mu ofesi, akuti dzina lanu lili pamwamba koma pakufunika ya fanta kuti abwana asaine, mutumize pa Airtel Money kapena Mpamba. Ambiri mwa amenewa ndi akuba wamba amene anamva dzina lanu likuwerengedwa. Ngakhale atakhala wa mu ofesidi, wopereka ndi wolandira onse ndi a ACB, ndipo PPDA ili ndi mphamvu yoletsa bizinesi kuchita malonda ndi boma. Ine ndimangoyankha kuti, "Zikomo achimwene, ndidikira kalata," n'kudula.

Kalata ikabwera, sindikweza thumba ngakhale limodzi pa lole ndisanagwire LPO kapena mgwirizano wosainidwa ndi kudindidwa. Pa ichi sindimva za munthu. Akhoza kukuchondererani kuti ana agona ndi njala, bweretsani kaye mapepala atsatira, ndipo mwina akunena zoona. Koma ku akaunti salipira chisoni, amalipira LPO, ndipo amene anakuchondereraniyo akasamutsidwa mudzatsala ndi nkhani yopanda mboni.

Tsiku lotula ndimakwera nawo lole. Wa ku sitolo amabwera ndi anzake oyendera katundu, amasankha matumba mwachisawawa, amamasula, amapisa dzanja mpaka m'chigongono n'kutulutsa za pansi. Amaziyala pa chikhatho kufuna timabowo ta anankafumbwe ndi timiyala, wina amaluma imodzi kuti amve ngati yauma. Kenako pa sikelo. N'chifukwa chake kunyumba ndimayeza pa sikelo yoyesedwa ndi a MBS, bungwe loona za miyezo, ndipo thumba lililonse ndimalipyoletsa pang'ono, poti nyemba zimapepuka zikamauma. Akakhutira amasaina delivery note yanga, pepala lotulira katundu, n'kulemba GRN yawo, yosonyeza kuti katunduyo alandira. Sindichoka opanda kope yosainidwa, yokhala ndi tsiku ndi chidindo, ngakhale dalaivala aziliza hutala panja.

Invoyisi ndimapereka ndi makope a LPO ndi delivery note, n'kusunga anga mu fayilo. Polondola malipiro ndimapita mwaulemu koma mosatopa, ndipo sindifunsa kuti "zili pati?" chabe. Ndimafunsa ngati vocha yolipirira yalembedwa, ili pa tebulo la ndani, ikudikira siginecha kapena ikudikira ndalama. Ikadikira siginecha ndibweranso mawa, ikadikira ndalama ndimadziwa kuti nsapato ndingozitha pachabe, ndiye ndimalemba kalata yokumbutsa n'kusunga kope yodindidwa kuti alandira. Ndalama zikalowa ku banki ndimabwereranso komweko kukatenga zinthu ziwiri: satifiketi ya withholding tax imene anadula, yoti ndikaonetse ku MRA powerengera msonkho wa chaka, ndi kalata yochitira umboni kuti ndinapereka katundu wabwino pa nthawi yake, imene imalowa mu envelopu ya tenda yotsatira.